Kukapala Moto ku Mapiri Ophulika

Usiku wathawu ndinalota, a Sandikonda, ndipo ndinalota zoti munthu wa ndevu sayenera kulota. Nanunso a Fulakisoni sendezani mpandowo mumvere limodzi, ndisachite kubwereza.

Paja dzulo ndinayatsa uvuni wa njerwa zanga. Njerwa zimenezo ndaumba chilimwe chonse mpaka msana kuuma, kuti ine, mkazi wanga Nangondo ndi mwana wathu Tiyese tituluke m'kakhitchini ka apongozi momwe takhala tikudonthedwa chikwatire. Mlamu wanga Kaduya anati andithandize kuchezera pamoto, ine nkukana pamaso pa anthu. Ndinati mkamwini weniweni amawotcha yekha. Pakamwa pangapa padzandiphetsa tsiku lina. Inu mukudziwa kuti uvuni ukazima pakati, njerwa zimatuluka zosapsa, ndipo mvula yoyamba, imene mitambo yake mwaiona kale, imangozibweza ku dothi. Ndiye ndinasonkhezera makomo onse, nkukhala pa chitsa kuti ndiwongole msana pang'ono. Masana ake Kaduya anali atandionetsa pafoni azungu ena akuyenda ndi zikwama kumsana pakati pa mapiri olavula moto, kudziko lopanda mudzi. Ndikhulupirira kuti ndi iwowo amene anandilowa m'mutu.

Ndiye ndikungoona kuti dzuwa lili pamutu, uvuni wazima. Makomo onse ali bii. Ndinapisa dzanja m'komo limodzi, munali mozizira ngati mumtsuko. Mtima unangoti myuu. Ndinatulutsa machesi m'thumba, potsegula nkupezamo kamtengo kamodzi kokha katapinda miyendo. Kanandiuza kuti anzake onse apita kumaliro, iko katsala koyang'anira pakhomo, ndipo mutu ukukapweteka, ndisayerekeze kukakhudza. Ndinathamanga khomo ndi khomo kukapala moto, koma paliponse amayi ankaphika ndi utsi wokha, ndipo palibe amene ankaona chachilendo.

Mwadzidzidzi chikombole changa choumbira njerwa chinatsokomola pomwe ndinachitsamiritsa. Paja chili ndi zibowo ziwiri, ndiye m'malotomo chinali ndi pakamwa pawiri. Pakamwa pena panati moto wonse wabwerera kwawo kumapiri, nditenge phale tikapale komweko. Pakamwa penapo panati tachedwa kale. Ine ndinamvera poyambapo. Ndinabereka chikombole kumsana ndi chitenje cha Nangondo, mtolo wa nkhuni pamutu, phale m'manja, mapatapata kuphazi, ulendo.

Ndiye kanjira kathu kaja kopita kumjigo sikanafike kumjigo. Nditangodutsa khola la mbuzi, mudzi unatha, nkupezeka ndili m'chipululu chakuda, chopanda mtengo, chopanda udzu, chopanda ngakhale nkhuku yosochera. Pansi panali phulusa lofika m'akakolo ndi miyala yopepuka yobowokabowoka. Kutsogolo mapiri anangoti ndondondo mpaka kumene maso alekezera, lililonse likufuka pamutu. Lina linkalavula miyala yofiira m'mwamba, lina linkangong'ung'udza pansi pa mapazi anga. Paliponse panali fungo la mazira owola, moti poyamba ndinakayikira chikombole, icho nkukana ndi pakamwa ponse pawiri.

Azungu aja ndinawapeza m'njira akuyenda pang'onopang'ono, aliyense ndodo ziwiri m'manja ngakhale panalibe wotsimphina. Ndinawafunsa kumene amapala moto. Anandiyankha m'Chichewa cha ku Dedza kuti iwo abwera kudzangouona basi. Ndinawamvera chisoni, ulendo wonsewo popanda ndi phale lomwe.

Ndiye ndinafika pa geti. Mpanda panalibe, mbali zonse kuli poyera, koma geti lili chilili, ndipo munthu woleredwa bwino salambalala geti. Pamenepo panali bwana wa yunifolomu yobiriwira ndi chipewa chachikulu. Anati nkhuni sizidutsa asanaziyese, ine nkutula. Anatenga chikuni chimodzi, kuchinunkhiza, kuchinyambita. Mwadzidzidzi mutu wake unayamba kufiira, thupi kuyera ndi kufewa, yunifolomu nkugwa pansi yokha, ndipo m'kolala munatuluka chiswe. Chinaitana anzake akuofesi, anabwera pamzere, nkudya mtolo wonse ine ndikuona. Panatsala luzi lokha. Kenako chiswe chija chinakwera pachipewa, nkundiuza mwaulemu:

"Nkhuni zanu zilibe vuto, bambo. Mutha kupita nazo."

Ndinathokoza, nkusenza luzi langa.

Tinayenda, tinayenda. Njira inadutsa pakati pa maenje a matope owira, ongoti phwa phwa osapumira, ndi ming'alu yotulutsa nthunzi yoti ukayandikira nsidze zimapiringizika. Nthaka inali ikutentha. Patapata lakumanzere linayamba kudandaula kuti linagulidwa kuti lizipita kubafa, za mapiri sitinapangane, ndiye linasungunuka. Lakumanja linati silingakhale pa umasiye, nalonso nkusungunuka. Ndinapitiriza osavala kanthu kuphazi, modumphadumpha, chikombole chikundigunda msana.

Phiri loyamba linali laling'ono. Ndinaodira bwinobwino. Linayetsemula phulusa, nkunena kuti ilo ndi mwana, silipereka moto akuluakulu kulibe, ndifunse kutsogolo. Lachiwiri ndinalipeza lili m'tulo, likuliza nkonono wautsi. Ndinati ndiligwedeze, koma chikombole chinandinong'oneza kuti limenelo linagona agogo a agogo anga asanabadwe, ndipo likadzutsidwa limadzuka ndi ukali. Ndinadutsa monyang'ama.

Ndiye pamwamba pa mwala wina panakhala bambo wovala taye, mkulu wa zanyengo. Ndinamufunsa ngati mvula ili pafupi. Anati ili kutali, nkusanduka wachikasu. Kenako anati mwina ili pafupi, nkusanduka wobiriwira. Mwadzidzidzi maso ake anatuzuka, lina kuyang'ana kum'mawa, lina kumadzulo, kumbuyo mchira nkupiringizika. Anali bilimankhwe, taye ili m'khosi. Anatukula mwendo kuti andilozere kumene kuli mvula, koma mwendowo unkangopita kutsogolo nkubwerera, kutsogolo nkubwerera. Ndikudikira choncho, wina anandigwira paphewa. Unali mtambo wakuda, ukuyenda pansi, utasenza ndowa yodzaza, madzi akutayikira m'mbali.

"Pepani achimwene," unatero mtambowo, "kwa a Nachisale, kumene kuli uvuni wosapsa, ndilowere kuti?"

A Nachisale ndiwo apongozi anga. Ndinaulozera mbali ina, ndinanama, Mulungu andikhululukire. Koma nthawi yomweyo mwendo wa bilimankhwe unafika kumene unkapita, ndipo unaloza kwathu kwenikweni. Chibadwire anali asanalondolepo, nkudzalondola tsiku langa. Mtambo unandiyang'ana moipidwa, nkukonza nkhata, nkuuyamba ulendo. Apa ndiye ndinachita mantha enieni. Ndinaona njerwa zanga zonse zikuyenderera kubwerera kudzenje kumene ndinazikumba, ndi Tiyese akugonanso pansi pa beseni lotchingira madontho.

Ndiye ndinathamanga mpaka patsinde pa phiri lalikulu kuposa onse. Pamutu pake panali poyera mbee, ndipo chikombole chinati amenewo ndi madzi oundana, moto mkati, kuzizira kunja. M'mbali mwake munkatsika chiphalaphala chofiira, chikuyenda mosafulumira, miyala ikusungunuka pomwe chadutsa. Ndinagwada kuti ndiodire. Ndisanatsegule pakamwa, phiri linatsokomola. Chifuwa chimenecho, a Fulakisoni, ndimachimva m'mawa uliwonse kuseri kwa nkhokwe. Nditaba diso kuyang'ana m'mwamba, choyera chija chinali duku, ndipo m'chiuno mwa phiri munali chitenje chamaluwa chopitira kutchalitchi. Anali a Nachisale.

Inu mukudziwa mmene timakhalira ndi apongozi kwathu kuno. Chikwatire sindinawayang'anepo kumaso, sitinapatsanepo kanthu pamanja. Tikakumana panjira, ine ndimalowa patchire uku, iwo uko, moni nkumapatsana chapatali. Ndiye thupi linachita lokha, ndinadumphira patchire. Tchire kunalibe. Ndinangopezeka ndanjuta pa phulusa, poyera, nkhope nditabisa kuseri kwa phale.

Pakamwa pena pa chikombole panati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndikwere. Penapo panati tachedwa kale. Ndiye ndinaganiza nzeru, ndinayamba kukwera chafutambuyo, maso kuchipululu, msana kwa apongozi. Ndinakwera ndithu, thukuta kamukamu, zidendene zikupsa. Koma nawo a Nachisale ndi munthu wa mwambo. Ataona kuti mkamwini akubwera, phiri lonse linatembenuka kundipatsa msana, njira nkutembenuka nalo, ine nkupezeka ndili pansi pomwe ndinayambira. Ndinazungulira mbali ina, linatembenukanso. Tinavina choncho mpaka chizungulire, aliyense akulemekeza mnzake.

Ndiye ndinati basi, pamwamba ndasiya, ndingopala chiphalaphala chikutsikachi. Ndinachitchingira kutsogolo, phale nditatchera. Chitangondiona chinaima, nkuwerama pang'ono, nkupatuka kundisiyira njira. Ndinathamangira uko, icho chinapatukira kuno. Ndinachibisalira kuseri kwa mwala, chinandinunkhiza patali, nkukhota. Moto wa dziko lonse unali pamenepo, woti khala limodzi lokha likanandikwanira, koma wonse unali wa apongozi, ndiye wonse unkandipewa mwaulemu. Kutali ndinkaona mtambo uja wafika kale pa geti, chiswe chikuyesa ndowa. Ndinakhala pansi nkulira, a Sandikonda, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina.

Mwadzidzidzi nthaka inaleka kunjenjemera. Phiri linakonza kukhosi nkuyankhula, osati kwa ine, koma kwa katundu amene ndinabereka.

"Iwe chikombole, uwauze bambo a Tiyese kuti akuvutika ndi zosavuta. Kodi anaona kuti mkamwini akulandira kanthu pamanja? Aike phalelo pansi, atembenuke, atsinzine."

Chikombole chinandiuza, ngakhale ndinali nditamva ndekha, ndipo ulendo uno pakamwa ponse pawiri pananena chimodzi. Ndinaika phale pansi, kutembenuka, kutsinzina. Kumbuyo kwanga ndinamva kutentha kukuyandikira, ndi mapazi olemera akubwera pang'onopang'ono. Kenako china chake chinakokedwa pansi, khweee, nkugwa, gu. Ndinati phale langa lasweka. Ndinamvanso khweee, gu. Ndinafuna kucheuka koma mwambo unandigwira khosi. Khweee, gu.

Ndiye ndinatsegula maso.

Kunja kunali kukuyera. Ndinali nditagwa pa chitsa paja, ndagona chammbali m'fumbi, malovu ali patsaya. Khweee uja chinali chikuni chikukokedwa pansi, gu uja chikuponyedwa m'komo la uvuni. Makomo amene ndinkawaona kuchokera pomwe ndinagona anali psuu, moto ukulilima mkati, nkhuni zatsopano zitasonkhezedwa bwino kuposa mmene ndimasonkhezera ine. Kumwamba kunali ngwee, kopanda mtambo ndi umodzi womwe. Chibadwire mtima wanga sunakhalepo pansi ngati mmene unakhalira pamenepo. Ndinkafuna kuseka, ndinkafuna kupemphera.

Ndinkati ndi Kaduya, ndipo ndinali nditakonzeka kale kusekedwa mpaka Khirisimasi. Koma kuseri kwa uvuni kunamveka chifuwa chija. Ndinatsinzinanso msangamsanga. Iwo anadziwa kuti ndadzuka, poti nkonono unali utaleka. Anakoka chikuni china, nkuchiponya, nkusasa m'manja, kenako anayankhula ndi uvuni.

"Iwe uvuni, komo lakum'mawali latsala pang'ono. Eni ake akadzuka amalize okha. Ine ndimangodutsa kupita kumjigo, sindinaone kanthu."

Ndinamva akutola ndowa, nkudzera njira yakutali ya kuseri kwa khola. Ndinadikira mpaka kulira kwa ndowayo kutazimirira, ndipo pamenepo ndinadzuka nkukamaliza komo langa. Njerwa zapsa, anzanga, zofiira mpaka zapamwamba. Choncho mukamva m'mudzimu kuti mkamwini wa kwa a Nachisale anachezera yekha pa uvuni osaphethira, musatsutse. Amene akufalitsa nkhaniyo kumjigo ndi a Nachisale eni ake.