Adyo Amene Sindinadye

Nkhani iyi pa Nsanama aliyense akuinena mmene akufunira, mpaka anthu amene sitipatsana moni. Bola ndiinene ndekha, poti manyazi ake ndi anga.

Ine kwathu ndi ku Balaka, koma ndili pachikamwini kwa akazi anga, Abiti Saidi. Nyumba ndinamanga ndine, malo ndi awo. Mbuzi nazo ndi zawo. Changa pamudzi paja ndi njinga ya kabaza ndi mawondo, ndipo mawondowo anali atayamba kundiukira.

Chaka chatha tiana ta mbuzi tinkabadwa tofooka miyendo, kumangogwa ngati tamwa kachasu. Alangizi a ziweto anabweretsa chitini cha ufa wonunkhira yisiti. Akuti muli seleniyamu, mchere umene dothi lathu lilibe wokwanira.

"Kungotsina, n'kusakaniza m'madeya. Pang'ono, bambo! Pang'ono!"

Anabwereza mpaka ndinakwiya. Anthu a sukuluwa akamva kuti unalekezera Sitandade 5 amayesa kuti makutu unawasiyanso komweko.

Mwezi usanathe tiana tija tinayamba kulumpha mpanda. Ine ndinawerengera bwinobwino: miyendo ndi miyendo. Ngati mbuzi n'kutsina, munthu wandevu ndi supuni. Basi m'mawa uliwonse ndimvekere, "Ndikaone ziweto." Kukhola, supuni yodzaza kukamwa, madzi pamwamba.

Mawondo sanasinthe. Chinasintha ndi mpweya. Ndinayamba kununkha adyo, pakamwa ndi thukuta lomwe. Makasitomala ankakwera njinga atayang'ana kumbali. Vuto ndi lakuti Abiti Saidi sagula adyo, amati amawatentha pamtima.

"Bambo a Hawa, mwadya kuti?"

"Sindinadye."

"Tapumirani kuno. Ii, adyo! Akukuphikirani ndani?"

"Palibe!"

"Ndi uja wa chipini pamphuno, wogulitsa mpunga wa nyama pamsika?"

"Iyayi! Ndi dzina lake lomwe sindilidziwa!"

"Koma chipini mwachidziwa."

Ndinatsuka mkamwa ndi mswachi, phulusa, ndimu. Iwo akuti ndikufufuta umboni. Kenako tsitsi linayamba kutsalira pachipeso, zikhadabo kumathetheka zokha. Apongozi anangondiyang'ana kamodzi.

"Amudyetsa kondaine uyu. Wowawa kwambiri."

Ine poona kuti thupi likufooka, ndinati mankhwala akuchepa. Ndinakweza, masupuni awiri. Inde, awiri. Musandifunse.

Loweruka nkhani inafika kwa ankhoswe, pansi pa mango. Katundu wanga anali atamangidwa kale pa keriya. Che Bakali, mjomba kapena kuti malume a akazi anga, anakhala patali ndithu chifukwa cha fungo.

"Akamwini, tchulani mkaziyo tikambirane ngati akuluakulu. Mukapitiriza kukana, njinga ndi iyo, msewu wa ku Balaka mukuudziwa."

Ndisaname, ndinatsala pang'ono kuvomera mayi wa chipini uja. Chibwenzi ndi mlandu, koma mwamuna umatulukapo ndi kaulemu. Koma nditayang'ana nyumba, malata ogula ndi thukuta la njinga, ndinangoulula zoona.

"Ndimadya za mbuzi."

"Mwati bwanji?"

"Ufa wa mbuzi uja! Ndimadya ineyo!"

"Mwamva bodza lake?" anakuwa Abiti Saidi. "Wafika ponamizira ziweto!"

Anakatenga chitini okha. Cha miyezi yambiri chija, mwangotsala pansi penipeni. Che Bakali anaimbira alangizi, foni pa laudi, anthu a pachitsime atafika kale ndi ndowa zawo.

"Supuni?! Bambo inu, muli serious? Imeneyo ndi overdose, mukanafa! Seleniyamu wa mu yisiti thupi limamulandira ngati chakudya, n'kumusunga mpaka m'tsitsi ndi m'zikhadabo. Pang'ono amateteza thupi, akachuluka ndi poizoni. Wotsalayo thupi limamutaya ndi mpweya, ndiye adyo mukumumvayo. Asiye lero lomwe, apite kuchipatala!"

Kenako wina kumbuyo anaphulika ndi phwete, ndipo ndowa ina inagwa.

Abiti Saidi anapita panjinga n'kuyamba kumasula katundu. Ine ndinadzutsa mutu.

"Mwaona? Sindinakulakwireni. Mundipepese pamaso pa anthu."

Anasiya chingwe, manja m'chiuno.

"Ndikupepeseni? Akanakhala mkazi ndikanapita pamsika, ndikanamuvula chipinicho, anthu n'kundiombera m'manja. Nanga pano ndikamenyane ndi ndani? Mwamuna wolanda mbuzi ndiwo, ndikamudandaule kwa yani? Lowani m'nyumba, mukundinunkhitsira alendo!"

Ndinalowa. Ukafuna kuchita chopusa mobisa, abale anga, sankha chosanunkha.