Mtedza wa Amake Chisomo

Lolemba
Ndabwerako ku maphunziro a aphunzitsi ku Nathenje ndili munthu watsopano. Akuti mwana amamva akagwira ndi manja. Akutinso tisamakalipe, tizilimbikitsa. Ndiye kuti zaka zonsezi ndimangowononga choko ndi mmero! Lachisanu mlangizi wa maphunziro adzabwera kudzaona.

Zowerengera masamu: miyala? Ya aliyense imeneyo. Ine ndabwereka ndowa ya mtedza wa akazi anga, amake Chisomo, chalimbana wa mbewu uja anakatenga kwa mayi awo ku Malingunde. Kubwereka kwake, eni ake sakudziwa. Ndibweza mvula isanagwe.

Lachiwiri
Kuphatikiza. Mwana aliyense wa Sitandade 2, njere khumi. Palibe wogona, palibe wopempha kupita kuseri. Ndine katswiri ine! Poweruka ndowa yapepukako, koma mwina ndi mphamvu zanga zawonjezeka.

Lachitatu
Kuchotsera. Apa ndiye ndadziputira ndekha.
"Khumi kuchotsa zitatu?"
"Zisanu ndi ziwiri, aphunzitsi!"
Akhoza onse, masaya ali tutumu. Zitatu zochotsedwazo sizikubwerera. Mtima ukuti nditenge kamtengo, koma a ku Nathenje anati tizilimbikitsa. Ndangoti, "Mwachita bwino, ana anga."

Lachinayi
Kwabwera ana amene sindinawaonepo chitsegulire sukulu, ena atabereka azing'ono awo. Chikondi cha masamu chagwa kwathu kuno ku Mitundu! Ahedi akuti, "Aphunzitsi, mwawadyetsa chiyani anawa?" Atapa dzanja lodzaza kuti akaiunike bwino njira yatsopanoyi ku ofesi.

Lachisanu
Mlangizi wafika. Ana akuyankha ngati mvula, iye akuomba m'manja uku akutafuna. Akuti, "Njira imeneyi musaisiye."
Zotsala m'ndowa:
njere zofumbwa zinayi,
batani la malaya,
kachidutswa ka choko.
Ndaivundikira bwinobwino n'kuibweza kuseri kwa chitseko. Mantha andigwira, ndisaname.

Loweruka
Ndazungulira msika wonse, chalimbana kulibe. A Saidi a pagolosale akuti, "Wokazinga ulipo, aphunzitsi." Zikomo a Saidi, wokazinga umamera msanga! Ku Dzalanyama mitambo yada bii. Kunyumba amake Chisomo amaliza mizere, akuimba nyimbo za kwaya.

Lamulungu
Yagwa. Anthu onse akuthokoza Mulungu kupatula ine. Tabwerako kutchalitchi, amake Chisomo avundukula ndowa. Ayang'ana batani, ayang'ana ine. Chisomo, amene ali m'kalasi mwanga momwemo, wakweza dzanja ngati ali kusukulu: "Amayi, ndowa imodzi kuchotsa ndowa imodzi, sipatsala kanthu!"

Mayi ake sanakalipe, ngati kuti nawonso anapita ku Nathenje. Angoti, "Wakhoza, mwana wanga. Bambo ako amaphunzitsa bwino. Chaka chino nkhwani tizitendera masamu."

Bola akanandilalatira. Mizere ili gwaa kudikira mbewu yomwe ili m'mimba mwa Sitandade 2. Mawa kugawa. Ndikupita kukatola miyala.