Mudzi Umene Unasiya Kutsuka M'kamwa

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunga pakuti eni ake akadali moyo ndipo ena mwa iwo amadziwa kuwerenga, munali bambo wina dzina lawo a Yotamu Kaphwiti. Anali munthu wabwino ndithu, wosaledzera, wosatukwana, koma anali ndi nthenda imodzi. Akamva chinthu chatsopano mtima sunkakhala m'malo mpaka mudzi wonse utachimva, ndipo ukachimva ankachikhazikitsira komiti.

Kalekale, a Kaphwiti akadali ndi tsitsi pamutu, ndi iwo amene anathetsa khalidwe lotsuka mano ndi makala. Ankayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti kupera khala, kuthira kamchere ndi kutsukira kamtengo kotafuna ndi umbuli wochititsa manyazi pamaso pa alendo. Anthu anamvera. Timitengo tinatayidwa kudzala, aliyense anagula mswachi wapulasitiki ndi mankhwala a m'chubu. Makala anangotsala ophikira ndi ogulitsa m'matumba kumsewu, kumene lole inkabwera kudzawanyamula kupita nawo ku tawuni.

Ndiye tsiku lina a Kaphwiti anakwera minibasi, nakhala moyandikana ndi mayi wina wamagalasi amene anawauza kuti mankhwala a m'chubu ndi odzaza ndi makemiko. Sanafunse kuti makemikowo ndi ati, kapena amachita chiyani m'thupi. Akulu amati safunsa anadya phula, koma a Kaphwiti akanadya ndi mng'oma womwe. Anakwera minibasi ija ali munthu wamba, anatsika ali Wapampando Wamkulu wa Komiti Yoteteza Mano, Nkhama ndi Malilime a Mabanja.

Lamulo loyamba la komiti linali lachidule. Machubu onse asonkhanitsidwe m'dengu, ndipo banja lililonse lisatsuke m'kamwa kufikira komiti itapeza mankhwala achilengedwe chenicheni.

Akazi awo, mayi Nankhoma, anafunsa uku akupereka chubu cha pakhomo chimene chinali chisanafike ndi pakati pomwe.

“Nanga pakadali pano tizitsukira chiyani, bambo a Enelesi? Tibwerere ku makala?”

“Nankhoma, ine ndikunena za chilengedwe, inu mukunena za makala. Mudzi ukupita kutsogolo uwu.”

Komiti inagwirizana kuti wodziwa bwino chilengedwe ndi nyama, pakuti nyama silandira chiphuphu. Motero mbuzi ya a Bizaliyele, mchimwene wawo wa mayi Nankhoma, inasankhidwa kukhala Mlangizi Wamkulu wa Zoyesayesa. Chimene idye ndi chachilengedwe, chimene ikane ndi makemiko. Mbuzi inanyambita mankhwala a m'chubu choyamba, komiti inawomba m'manja. Inanyambita achiwiri, komiti inawombanso. Kenaka inadya machubu enieniwo, inadya sopo amene mlembi wa komiti anabwera naye kuti asambe m'manja, inayamba dengu, ndipo pomwe a Wapampando ankawerama kuti aone bwino inawalanda chipewa. Inachotsedwa ntchito madzulo omwewo pa mlandu wovomereza zilizonse. Inachoka ikubzikula, m'kamwa mwake mukununkhira bwino koposa mwa wina aliyense m'mudzimo.

Udindo unapita kwa nyerere. Komiti inafinyira mankhwala otsalawo pa mwala n'kudikira. Amene nyerere zinaunjikanapo anakanidwa chifukwa ali ndi shuga. Amene nyerere zinawalambalala anakanidwa chifukwa ndi chiphe. Palibe amene anakhoza mayeso, ndipo komiti inanena kuti ntchito ikuyenda bwino kwambiri.

Masiku anapita, ndipo mudzi unasintha makhalidwe. Anthu anayamba kupatsana moni wina ali tsidya lino la njira, wina tsidya lija. Aliyense polankhula ankagwira pakamwa n'kuyang'ana kumbali. Mikangano inatha, pakuti kukangana kumafuna kuyandikirana. Miseche nayo inafa, chifukwa miseche imafuna kunong'oneza, ndipo panalibe khutu lolimba mtima. Kwaya inkaimba itayang'ana kumawindo. Abusa ena odzacheza anachita chidwi, nakalalikira kwawo kuti apeza mudzi wa anthu odzichepetsa, ngakhale iwo eni anakana kugona m'mudzimo. A Kaphwiti anamva za ulalikiwo ndipo anati zonsezi ndi zipatso za komiti.

Mavuto anabwera ndi nkhani yabwino. Enelesi, mwana wawo yekhayo wamkazi, anali ndi chibwenzi, mnyamata wa mudzi wina dzina lake Gilibati. Malume ake a mnyamatayo, a Mlongoti, anabwera kudzafunsira mbeta. Mwa mwambo anakhala ndi a Bizaliyele, malume a mtsikana, pansi pa mtengo wa mango, mipando itagundana, pakuti nkhani ya ukwati siyankhulidwa mofuula.

A Bizaliyele anasendera pafupi nati, “Takulandirani ndi manja awiri.”

Maso a a Mlongoti analengeza misozi. Anakokera mpando wawo m'mbuyo pang'ono. A Bizaliyele, poopa kuoneka ngati akunyoza mlendo, anakoka wawo kuwatsatira. Mlendo anasunthanso, a Bizaliyele anatsatiranso. Nkhani ya mbeta inayenda chambuyo bwalo lonse mpaka mpando wa mlendo unakagunda khola la nkhumba, ndipo akuti pamenepo ndi pamene a Mlongoti anapuma bwino koyamba.

“Mawu anu tawamva,” anatero akuimirira, “ndipo sitinawamve ndi makutu okha. Tikaganize kaye. Tidzabweranso Loweruka, koma mphepo ikadzakhala yomweyi, mwana wathu sitingamutumize kuno.”

Enelesi analira mpaka maso kutupa. Bambo ake anayesa kumutonthoza ali pakhomo, iye ali kuchipinda, monga mwa makhalidwe atsopano.

“Mwana wanga, mawu a akulu amakoma akagonera.”

“Mawu amakoma akagonera, ababa, koma m'kamwa mukagonera simukoma. Pakhomo pano woti akwatiwe ndi mbuzi ija basi.”

Mawu amenewa anawalasa a Kaphwiti, pakuti mwana wawoyu ankamukonda koposa upampando, ngakhale kusiyana kwake kunali kochepa. Kubweza machubu akale kunali kosatheka, chifukwa ambiri anali m'mimba mwa Mlangizi wopuma uja. Anagwira nkhuku zingapo, nakwera minibasi ya ku tawuni, m'mene anapatsidwa mpando wonse wakutsogolo okhaokha popanda kupempha.

Ku tawuni anapeza sitolo yopaka utoto wobiriwira, ya masamba ojambula pakhoma. Mtsikana wogulitsa anawamvetsera ali kuseri kwa shelefu, nawapatsa katoni ya machubu okongola, chilichonse chili ndi chithunzi cha tsamba. Anawatsimikizira kuti mulibe kemiko ngakhale imodzi, ndipo ndi amene mabwana onse akutsukira masiku ano. Za mtengo wake tisanene, nkhuku zija sizingabwerenso.

Kumudzi komiti inalandira katoniyo ndi nthungululu. A Wapampando anatsegula chubu, nafinyira pa mswachi anthu onse akuona. Zimene zinatuluka zinali zakuda bii.

“Mwaona?” anatero a Kaphwiti. “Zoyera zija zinali chinyengo. Chilengedwe chenicheni sichidzikongoletsa.”

Mayi Nankhoma analawa pang'ono ndi chala, natafuna mwakachetechete.

“Bambo a Enelesi, izi ndikuzidziwa ine.”

“Mungazidziwe bwanji, Nankhoma, inu ku sitolo yobiriwira simunafikeko?”

Mayiwo anangopukuta chala chawo. Anali atakhala m'banja nthawi yokwanira kudziwa kuti mawu ena amangofunika kuwasungira malo.

Loweruka a Mlongoti anabwera, naika mpando wawo patali ndithu, kumene mphepo inkachokera. A Bizaliyele anapereka moni. Mlendo ananunkhiza mosamala, nasendera pang'ono. Ananunkhizanso, nasenderanso, mpaka mipando inagundana ngati kale. Nkhani inayenda bwino, mbeta inatsala pang'ono kulolezedwa. Koma a Kaphwiti, amene mwa mwambo anayenera kukhala patali pa nkhani imeneyi, analephera kupirira. Anatulukira ndi chubu m'manja kuti alendo adziwe amene anapulumutsa mudzi.

A Mlongoti anachitembenuza, naseka.

“Awatu amapangidwa kuntchito kwathu ku tawuni, bambo. Ine ndi amene ndimalandira matumba pageti. Makala ake ndi a kumsewu kwanu konkuno. Timapera, timasefa, timathira kamchere ndi timasamba tonunkhira, basi. Abwana amakonda kwambiri matumba omangidwa ndi luzi lofiira, akuti ndi opsa bwino.”

M'mudzi monse womanga matumba ndi luzi lofiira anali mmodzi, mkazi wa a Wapampando. Mayi Nankhoma anangoyang'ana mbaula yawo, imene inali pakhonde yodzaza ndi makala.

A Bizaliyele anawerama nanong'oneza, pakuti tsopano kunong'oneza kunali kothekanso.

“Alamu, makala munawaletsa ndinu. Mankhwala oyera munawaletsanso ndinu. Ngati awa ndi makala, ndiye kuti tatsuka mophwanya lamulo. Titsekenso pakamwa, alendo azipita?”

A Kaphwiti anayang'ana alendo, amene anali atagwira kale mipando yawo mokonzeka kusuntha. Anayang'ana pawindo, pamene Enelesi ankasuzumira. Mapanga awiri avumbwitsa, koma munthu wozolowera upampando savumbwa, amangomanga phanga lachitatu. Anatsokomola, nakonza kolala.

“Komiti inadziwa kale zimenezi,” anatero. “Makala alipo a mitundu iwiri. Alipo makala osaphunzira, amene amangochoka pa uvuni n'kulowa m'kamwa mwa munthu opanda ndi ulemu womwe. Amenewo ndi oletsedwabe. Ndiye alipo makala ophunzira, amene anakwera lole, anaona tawuni, analowa m'chubu n'kubwerera kwawo. Amenewo ndiwo chilengedwe.”

Komiti inawomba m'manja kwa nthawi yaitali. A Mlongoti anasiya mpando, nati ngati ndi choncho palibe chovuta, pakuti Gilibati naye tawuni anaiona, ndiye angathe kulowa m'banjamo. Mbeta inaloledwa, chinkhoswe chinachitika, ndipo pa zithunzi zonse anthu akusekerera mano ali pamtunda.

Mpaka lero lole imachoka m'mudzimo itasenza matumba mpaka kupendekera, n'kubwerako ndi kakatoni kamodzi kokhala pa miyendo ya dalaivala. Anthu amakalandira ndi manja awiri, n'kugulitsa nkhuku. Koma m'mawa uliwonse mayi Nankhoma amatola khala limodzi pa mbaula, n'kukhala nalo kuseri kwa nyumba. Asanalipere amayamba aliuza za minibasi, za nyumba zosanja ndi za sitolo yobiriwira. Amuna awo atawapeza tsiku lina n'kufunsa chimene akuchita, mayiwo anayankha osatukula mutu.

“Ili ndikuliphunzitsira pakhomo, bambo a Enelesi. Fizi yakwera.”