Udzu wa Kavalo Wanga

Lolemba
Udzu wamera. Zigawo zonse zinayi za munda, biriwiri! Sindine munthu wotengeka, koma ndagwada n'kuwerenga timasamba. Kavalo amene ndagula kuesiteti ina ya ku Dedza afika Lolemba likubwerali. Zaka zonse za uphunzitsi ndinkangomuona m'mabuku. Dongosolo, monga likunenera buku la ziweto:
1. Kavalo adye chigawo chimodzi, zitatu zizipuma.
2. Kuzula nsatsi zonse, njere zake ndi poizoni kwa iye.
3. Mapolo ndazika kale, kwatsala waya.
Palibe chingalakwike. Ndawerengera kawiri.

Lachiwiri
Apongozi, amayi a mkazi wanga, adutsa pochokera kuchigayo. Malowa anatipatsa ndi iwo. Ayima nthawi yaitali, dzanja pakamwa. "Bambo a Tadala, munda wakukanikani chonchi osanena?" Ndawafotokozera kuti udzuwu ndi wodzala, mbewu yake ndinakagula ku Lilongwe. Ndawaonetsa ndi chithunzi chomwe. "Kugula udzu?" Andiyang'ana mwachifundo. Ndikuona kuti amvetsa!

Lachitatu
Tsiku lonse kuboma, kugula waya. Pobwera ndikumva nyimbo kumunda. Amayi khumi ndi awiri a kutchalitchi kwa apongozi, makasu m'mwamba! Chigawo choyamba chonse mizere, yowongoka bwino, chimanga chadzalidwa kale. Akuti anamva kuti mkamwini wafooka, ndiye abwera kudzathandiza ulere. Ndathokoza. Ndikanatani? Ndawagulira ndi thobwa.
Ndawerengeranso: zigawo zitatu n'zokwanira. Buku likuti zitatu ndi zabwinonso, mwina kuposa!

Lachinayi
Ndalemba chikwangwani ndi penti: UDZU UWU NDI WODZALA, NDI CHAKUDYA CHA CHIWETO. MUSALIME. Anthu amalakwitsa chifukwa chosowa uthenga, basi. Ukawapatsa mfundo amasintha. Odutsa akuyima, akuwerenga, akugwedeza mitu. Wina wafunsa ngati udzuwo umanenepetsadi. Ndamuyankha ndi mtima wonse kuti kwambiri. Chidwi chotere pa ulimi wamakono!

Lachisanu
Mbuzi. Nyengo ino aliyense amamangirira mbuzi kuopa minda ya eni, ndipo pomangirira pamavuta. Ine ndawazikira mapolo makumi atatu, olimba, pa udzu wonenepetsa. Polo iliyonse ya chigawo chachiwiri ili ndi mbuzi yake. Chigawo chachitatu chili ndi ng'ombe ziwiri za alamu anga. "Alamu, mwatiganizira. Sukulu ndi yabwino ndithu."
Zimene ndapeza:
mbuzi imadya mozungulira, mpaka pothera chingwe
ng'ombe imadya paliponse
nsatsi palibe yazikhudza
Chatsala chigawo chimodzi. Koma manyowa ochuluka bwanji!

Loweruka
Ndadzuka ndi khasu kuti ndisalaze mizere ija, ndifesenso udzu. Mbewu yatsala theka la kathumba. Mkazi wanga wandipeza pakhomo. "Mukagumula mzere umodzi wa amayi, mukagone ndi kavalo wanuyo." Ndamuuza kuti chimanga sichinamere n'komwe, ndiye palibe chimene ndikuwononga. Wangotenga khasu n'kulowa nalo kuchipinda.
Masana ndazinga waya kuzungulira chigawo chachinayi, mizere inayi ya waya, ndekha, manja onse mabala. Mbuzi singalowe! Apongozi abwera kudzaona. Agwira wayayo, ayesa kumukoka. Akondwa kwambiri. Koyamba chikwatirire andiyamikira pamaso pa anthu!

Lamulungu
Pochokera kutchalitchi ndapeza chimene apongozi anakondwerera. Malo otchingidwa bwino chonchi, akuti, sangaonongeke ndi udzu. Abwera ndi mbande za kabichi ndi tomato, mabedi ayamba mawa m'mamawa. Mkazi wanga wasankha kale pa anyezi.
Ndatsegula buku. Mutu wonena za apongozi mulibe.
Ndabwereka chikwakwa ndi matumba awiri. Kudambo ndi ulendo wa mphindi makumi anayi, ndipo kavalo amadya tsiku lililonse. Lole ya kavalo ifika mawa cha m'ma teni. Ndimumangirira pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ngati mbuzi.