Tsiku limene ndinatsika pa thabwa la a Zuze

Akuchikazi akamandiyamikira kuti ndine mkamwini waulemu, ine ndimangoyang'ana pansi. Iwo amayesa ndi manyazi a munthu woleredwa bwino. Sadziwa kuti mawu amenewo amandiwawa mpaka m'mafupa.

Ndinakwatira kwa Nthache, koma ndinakulira pa Boma, ntchito yanga yogulitsa zovala za kaunjika. Manja anga ndi ofewa, mimba ndiye inanditsogolera kalekale. Ndikapita kumudzi, alamu ankanong'onezana kuti mlongo wawo anatola thumba la chimanga loyenda lokha. Choncho apongozi aakazi atayamba kumangitsa nyumba ya njerwa, ndinati mwayi wochotsa chitonzo ndi umenewu. Ndinapita nditavala ovolosi yatsopano (yochokera m'belo langa lomwe, mtengo ndinali ndisanachotse).

Mmisiri anali a Zuze, bambo wamkulu amene anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika konkuno. Khoma linali litapitirira mawindo, ndiye iwo anali atakhoma nsanja ya mitengo ya bulugamu n'kuyalapo matabwa. Anandiyesa kukandya matope, ndinapuma wefuwefu. Anandiyesa kuwaponyera njerwa, ziwiri zinasweka, yachitatu inangotsala pang'ono kuwachotsa khutu.

"Bwanawe, kwerani kuno," anatero. "Ntchito yokuyenerani ndaipeza."

Vuto linali lakuti nsanjayo sinkafika pakona. Thabwa limodzi analikankhira kunja, mbali ina ili lende m'malere, ndipo misomali inali itatha. Iwo akaime kolendewerako, ine ndiime mbali inayo kuti thabwa lisapendeke.

"Inuyo ndiye msomali wanga lero. Olo njuchi ikulumeni, musasunthe. Mwamva?"

"Ndamva, amisiri."

Kunena zoona ndinanyada. Kwa nthawi yoyamba kumudzi kuja, mimba yanga inali ndi ntchito. Ndinaima nji, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati alamu akundiona.

Kenaka apongozi anatulukira ndi chikho cha thobwa. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sayandikizana chisawawa. Koma tsiku limenelo mkazi wanga anali ku chigayo, ndiye anabweretsa okha. Anafika chapansi panga, anagwada pa fumbi, nati motsitsa mawu, "Abambo, kamadzi aka."

Tangoganizani. Mayi wobereka mkazi wanga ali chigwadire pansi, ine ndili tonono pamwamba pawo ngati tambala pa denga. Mutu wanga sunafunse kanthu. Miyendo inachita zimene inaphunzitsidwa kuyambira ubwana. Ndinadumpha, ndinagwada, ndinatambasula manja onse awiri.

Chikho sindinachikhudze n'komwe. Ndinamva thabwa likulira, kenaka kugunda, phi! Beseni la matope lomwe linali mbali yanga linauluka n'kudzandivundikira kumutu. Ndili mumdima momwemo ndinamva ana akuseka, chifukwa chimene anaona iwo ndi mkamwini wogwada atavala beseni. Kusekako kunazima msanga.

Nditalichotsa, ndinaona a Zuze ali gone pa mulu wa njerwa, chipande chomangira chikadali m'manja. Sankalira. Ankangoyang'ana mwendo wawo, womwe unali utapindika pamene mwendo supindika.

"Bwanawe," anatero, mawu ali pansipansi, "ndinati chiyani ine?"

Tinawanyamula pa ngolo mpaka kumsewu, kenaka pa galimoto kupita kuchipatala pa Boma, ine matope akuuma m'makutu. Fupa la m'chiuno nalo linali litasweka. Kuyambira pamenepo a Zuze sanakwerenso nsanja, ndipo nyumba ija anaimaliza ndi anthu ena.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kumudzi palibe anandidzudzula. Amati inali ngozi, amati a Zuze akanagula misomali. Apongozi ndiye amauza aliyense kuti mkamwini wawo amadziwa mwambo. Alamu anasiya kundinena.

Masiku ano a Zuze amakhala pa mpando kumsika, ndodo pambali, akugulitsa manachesi a mwana wawo. Ndinkazemba njira imeneyo kwa nthawi yaitali. Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinapita, ndipo poti ndi akulu, ndinayamba kupinda mawondo kuti ndiwapatse moni.

Anakweza dzanja.

"Ayi bwanawe, imani choncho. Ndikufuna ndione ngati mumatha."

Ndinaima pamenepo, padzuwa, anthu akundilambalala. Iwo anapitiriza kusanja manachesi awo.