A Kazitape Alowa Kochapira Zovala

Bulangete lonyowa limalemera ngati ng'ombe yakufa, inu. Tsiku limenelo makina ofinyira anali atafa, ndiye ntchito yonse inabwerera m'manja. Nachangu anagwira mbali iyi, mnzake wa pa simbi mbali inayo, akupotokola, madzi akuyenderera m'zigongono mpaka m'khwapa, msana ukulira. Kumbuyo kwawo mulu wa mabulangete a kuhotela unali utafika m'chiuno, pamene galimoto yodzatenga zouma inali kubwera masana omwewo. Timamutcha Nachangu chifukwa mayi ameneyu ngakhale tiyi amamwa choimirira.

Anali pamwamba, pakhonde loyanikira, pamene munthu amaona bwalo lonse: geti, kanyumba ka mlonda, migolo ya zinyalala ndi ngalande yotulutsa madzi a sopo.

"Amwali," anatero wa pa simbi, atasiya kupotokola. "Tayang'ana uko. Chinthu chikukwawa kunja kwa mpandacho ndi galu kapena ndi alamu?"

Nachangu anayang'ana. Anali amuna ake.

Inu, tamverani, kuti mumvetse muyenera kuwadziwa bambo amenewa. Ndi telala, munthu wa imvi m'ndevu, mwana wawo wamkulu ali kusekondale. Samwa, sasuta, sayenda ndi akazi. Matenda awo ndi amodzi: kabokosi ka gemu kolumikiza ku TV, kamene anagula asanakwatire. Gemu yake ndi imodzi yomweyo, ya kazitape wolowa mozemba m'nyumba za adani. Ndi yakalekale moti nkhope ya kazitapeyo imaoneka ngati mtanda wa sopo, manja opanda zala. Ana awo amaiseka, amati ya pa foni ndi yokongola kuposa. Iwo amangopukusa mutu.

"Zanu zamakonozi n'zaphokoso chabe. Iyi ndi ya anthu oganiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kudekha kwake! Mukalowa m'nyumba mumawapeza atakhala chete, chogwirira cha mabatani chili m'manja, osadina kalikonse. Pa TV kamunthu kagwada kuseri kwa khoma. Mumapita kukaphika, kudya, kutsuka mbale, kubwerako kamunthu kadagwadabe.

"Abambo ake, yafa?"

"Shh! Ndikudikira mlonda atembenuke."

Gemu yodikira! Munthu kugula makina kuti azidikira, ngati mizere ya kuchipatala inatha. N'chifukwa chake dera lonse limawatcha a Kazitape, ndipo iwo amavomera monyadira, osadziwa kuti anthu akuwanena.

Nachangu anapirira zaka zonsezi. Chimene chinadula chingwe ndi madzi. Tsiku lina m'mawa mpopi unali wouma, ndiye anausiya wotsegula n'kuwauza kuti madzi akangobwera adzaze zidebe, atseke. Madzulo anapeza nsapato zikusambira pakhomo, mphasa ikuyandama, bambo atakweza miyendo pampando kuti isanyowe, maso ali pa TV.

"Simukuona madziwa?"

"Ndawaona, amake mwana, koma ndikanadzuka nthawi imene ija akanandigwira."

Nachangu sanalalate. Anazula mawaya, n'kukulunga kabokosiko m'chikwama, m'mawa mwake n'kukakatsekera m'kabati yake ya kuntchito. Anati kakhala komweko mpaka mwamuna akule.

Tsono vuto linali ili. Mwezi wapitawo matawulo anasowa, ndipo akapitawo anasonkhanitsa antchito onse n'kulumbira kuti aliyense amene m'bale wake adzapezeke mkati mwa mpanda, kaya ndi mwana, kaya ndi agogo, ntchito yatha pomwepo. Ntchito imeneyi ndiyo imadyetsa nyumba ya Nachangu, poti makina osokera a bambo aja akangaude anamangapo mudzi. Ndiye apa mwamuna yemweyo akukwawa kulunjika pageti.

Ndipo anavala bwanji? Zakuda zokhazokha. Juzi yakuda, buluku lakuda, chipewa chaubweya chakuda, dzuwa lili paliwombo, khoma la mpanda lili loyera mbee. Ankaoneka ngati ntchentche mumkaka. Azimayi onse oyanika anasiya ntchito n'kudzatsamira pakhonde.

"Koma alamu athu ndi akatswiri," anatero mayi wa matawulo. "Sakuoneka n'komwe."

"Khala chete, iwe," anatero Nachangu, akukukuta mano.

A Kazitape anafika pakageti kakang'ono, n'kutola mwala. Mu gemu muja, amati ukaponya chinthu mlonda amapita kukayang'ana kumene chagwera, iwe n'kudutsa. Anaponya. Mwala uja unagwa padenga la malata la kanyumba ka mlonda, phwaa! Mlonda anatuluka, kapu ya tiyi ili m'manja. Koma mlonda wa mnofu ndi magazi sayang'ana kumene mwala wagwera, amayang'ana kumene wachokera. A Kazitape anathawira kuseri kwa chitsulo cha nyali, chitsulo chowonda ngati mpini wa tsache, mimba itatulukira uku, matako uko, maso atatsinzina.

Nachangu anaona ntchito yake ikupita. Anatsomphola tawulo pachingwe n'kuliponya pansi, mbali ina ya bwalo.

"Achimwene a pageti! Tanditolerani tawulo ilo, lauluka ndi mphepo!"

Mphepo kunalibe ngakhale yogwedeza tsitsi. Mlonda anayang'ana m'mwamba, anayang'ana chitsulo chija, kenaka anapita pang'onopang'ono kukatola tawulo. A Kazitape anatsegula diso limodzi, anaona njira yayera, n'kulowa. Ndipo inu, anadzigunda pachifuwa! Ankayesa mwala wagwira ntchito.

Nachangu anawakodola ndi manja onse awiri kuti abwerere. Koma kazitape wa mu gemu sayang'ana m'mwamba, poti kumwamba kulibe adani. Anayamba kuyenda chonyonyomala, monga amachitira kamunthu kawo kuti mapazi asamveke. Mapazi sanamvekedi. Amene anamveka ndi mawondo. Thee! Thee! Mpaka pakhonde pamwamba azimayi ankawerengera limodzi. Atafika pakati pa bwalo msana unakana, anaima chowerama, dzanja lili m'chiuno, ngati nkhalamba yofuna singano.

"Tsikira ukawathandize, amwali, angafere pantchito ya boma," anatero wa pa simbi, misozi ya kuseka ili mbwee.

Asanatsike, bambo anaona ngalande. Ankati mu gemu kazitape weniweni salowera pakhomo, amalowera m'mipaipi. Anagona chafufumimba m'ngalandemo n'kuyamba kukwawa kulunjika kuchipinda chochapira. Chimene sankadziwa n'chakuti nthawi imeneyo ndiyo amatsegula thanki yoviikamo nsalu zoyera, ya madzi a mankhwala oyeretsera. Nachangu anali pakati pa masitepe pamene anamva madzi akukhuthuka, khwaa, kenaka mawu a munthu akutsamwa.

Anawapeza atatuluka m'ngalande, thovu lili m'makutu, chipewa chitapita ndi madzi. Mankhwala aja anali atayamba kale ntchito: zakuda zija zinali kusanduka mawangamawanga ofiirira. Analowa ngati khwangwala, anatuluka ngati fisi.

"Abambo ake, mwapenga?"

"Shh! Usanditchule. Kabati yako ili mbali iti?"

"Kabati ya amanu! Mukudziwa kuti akakupezani muno ine ntchito yatha? Ana adya gemu?"

"Palibe wandiona."

"Khonde lonse lakuonani! Ngakhale nkhunda za padenga zakuonani!"

Pomwepo anamva makiyi akulira m'khonde la mkati. Akapitawo amayenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno, ndiye umawamva asanafike, ngati ng'ombe ya belu. Pafupi panali ngolo ya zovala zakuda, yodzaza nsalu za patebulo ndi zopukutira za kukhitchini ya hotela, zamafuta, zonunkha nsomba ya dzana. Nachangu sanafunse. Anawagwira pakhosi pa juzi, n'kuwapinda ngati buluku, n'kuwaponya m'ngolomo, n'kuvundikira.

"Nachangu, ukutani pansi pano? Mabulangete atha?"

"Atsala pang'ono, bwana. Ndimati ndikakutumule izi kunja, muli minga ya nsomba, ingatseke makina."

Akapitawo anatsamira pangolo ndi chigongono, pamutu penipeni pa a Kazitape. Ndipo munthu ameneyu akatsamira ndiye kuti nkhani yayamba. Anadandaula za makina ofinyira, za mmisiri amene sabwera, za matawulo osowa aja. Anati akangogwira mlendo mmodzi yekha m'bwalo muno, adzamuonetsa chimene chinameta nkhanga mpala.

M'ngolo munamveka kuyetsemula.

Nachangu anayetsemula nayenso msangamsanga, kawiri, mpaka khosi linapweteka.

"Chimfine?"

"Mankhwalawa, bwana."

"Koma chayamba ndi mawu aamuna."

"Chikafika pachifuwa chimatero, bwana."

Akapitawo anamuyang'ana, n'kutenga thumba lina la nsalu zonyowa limene linali pansi, n'kuliponya pamwamba pa ngolo, dii! "Tenga ndi izi. Fulumira." Makiyi analira kulowera mkati.

Nachangu anakankha ngolo. Inu, mwamuna amalemera akakhala pampando, koma m'ngolo amaposa. Gudumu limodzi linali lopindika, ngolo ikukokera kumanzere, iye akulimbana nayo, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Pakati pa bwalo nsalu zinagwedezeka, mawu n'kutuluka pansi.

"Amake mwana, wapita? Tidikire pang'ono, aiwala. Amaiwala amenewa. Ukabisala kanthawi amabwerera pamalo pawo ngati palibe chachitika."

Apo m'pamene Nachangu anamvetsa chimene amuna akuluakulu amaikondera gemu imeneyi mpaka imvi. Ndi dziko limene ungalakwe, akuone ndi maso, iwe n'kubisala kuseri kwa khoma, pakapita kanthawi aliyense waiwala. Mwamuna angafunenso paradaiso wina? Nachangu anawayankha ndi chigongono pamene ankaganiza kuti pali nthiti.

Anafika pageti. Mlonda anali ataima pakati pa njira, tawulo lija lili paphewa. Anakweza ngodya ya nsalu ndi ndodo yake.

"Alamu, tulukani, mungafe ndi fungo. Ndinakuonani mukutsika m'basi."

A Kazitape anadzuka, chopukutira mbale chili pamutu, munga wa nsomba uli m'ndevu.

"Achimwene, chonde," anatero Nachangu. "Ndili ndi ana."

"Mlongo wanga, nanenso ndili ndi ana. Akapitawo akamva kuti munthu analowa ine ndili pano, tipita tonse. Bola ndinene ndekha. Kodi mumadzaba chiyani, alamu? Matawulo?"

"Ine si wakuba! Ndimadzatenga katundu wanga. Kabokosi ka gemu."

"Gemu yanji?"

"Simungaidziwe. Ndi yakale. Ya kazitape."

Ndodo ya mlonda inatsika. "Ija yoti umakwawa pansi pa magalimoto? Ya mlonda wa tochi uja amene amaima pamlatho?"

"Mumaidziwa?"

"Alamu! Ine ndinathawira sukulu gemu imeneyo! Tinkaisewera kuseri kwa shopu ya wometa tsitsi. Pamlatho paja munadutsa bwanji?"

"Umadikira atembenuke kawiri, kenaka..."

Inu, amuna awiri a ndevu zawo, wina atakhala m'ngolo ya zonyansa, wina atasiya geti, manja ali m'mwamba kulongosolerana za mlatho umene kulibe! Nachangu anawayang'ana, anayang'ana khomo limene akapitawo akanatulukira nthawi ina iliyonse, anakumbukira mabulangete ake akumudikira pamwamba. Anathamanga. Anabwerako ndi chikwama, n'kuchiika m'manja mwa mlonda.

"Achimwene, m'kanyumba mwanumo muli ka TV, eti?"

"Kalimo."

"Ndiye lero simunaone munthu."

Mlonda anasuzumira m'chikwamamo, n'kumeza malovu. "Munthu wanji? Ine ndaona nsalu zokhazokha."

"Amake mwana!" analira a Kazitape. "Zaka zonse zija zili m'menemo! Ndinatsala pang'ono kumaliza!"

Nachangu anapendeketsa ngolo kunja kwa geti, n'kuwakhuthula m'mbali mwa msewu pamodzi ndi minga ya nsomba. Anakutumula nsalu zake bwinobwino, poti ndi zimene anauza akapitawo, n'kubwerera kukafinya mabulangete. Galimoto itabwera, zonse zinali zouma.

Ntchito ya Nachangu ilipo mpaka lero. Koma mukadutsa pamenepo Loweruka masana, mudzaona bambo wina wa juzi ya mawangamawanga akuyenda kunja kwa geti. Amapita mpaka pakona ya mpanda, n'kutembenuka, n'kubwerera, n'kutembenukanso. Anapangana ndi mlonda kuti iye akamasewera m'kanyumba muja, iwo aziyang'anira geti ndi kumvetsera makiyi a akapitawo, ndiye mlondayo akafa mu gemu awapatsa chogwirira kudzera pawindo kuti nawonso asewereko. Koma gemu yake ndi yodikira, ndipo palibe munthu wodziwa kudikira ngati mlonda. Safa.

Tsiku lina azimayi anawakuwira ali pakhonde: "Alamu! Kodi masiku ano ndinu kazitape kapena mlonda?"

Anali atatembenuka kale, akuyang'ana kukhoma.