Ndangoti "Tidye"

Lolemba
Anesi a kukiliniki ya yunivesite yathu andipima BP, akupukusa mutu. Akuti ndikapitiriza kudyera pa desiki uku ndikuyankha ophunzira, Lachisanu andiyambitsa mapiritsi a moyo wonse. Mayi anga anamwa amenewo mpaka tsiku lawo lomaliza. Ndikuopa ndithu.

Lamulo la anesi: masana kutuluka mu ofesi yolembetsa ophunzira, kukhala pamthunzi, kudya mwakachetechete. Ndapeza mtengo wa mango kuseri kwa laibulale. Mbatata, chiponde, kamphepo kayaziyazi. Ndine munthu watsopano!

Lachiwiri
Ndangotsegula kontena, mtsikana wa chaka choyamba waima patsogolo panga. Ndingadye bwanji mwana wa eni akundiyang'ana? Ndati, "Tidye." Mawu aulemu basi, aliyense amadziwa kuti yankho lake ndi "zikomo, ndakhuta." Iyeyu wakhala pansi.

"Ba Madam, nili na kafunso kang'ono chabe."

Kafunsoko kandidyera mbatata ndi nthawi yonse yopuma.

Lachitatu
Wabwera ndi anzake. Zamasana ano:
dzina lolembedwa molakwika,
mayeso ogundana tsiku limodzi,
mnyamata wa ku Bundabunda wosowa pogona,
wina wopanda vuto lililonse, wangomva za chiponde.

Pakamwa panga pakunena "tidye" posandifunsa mwini wake. Mutu ukugunda.

Lachinayi
Ndathawira kuseri kwa thanki ya madzi. Alonda a pageti, anthu abwino mtima, akulozera aliyense: "Ba Madam bali kuja ku thanki, yendani chabe." Pali mzere. Ena abwera ndi masupuni awo.

Lachisanu
Abwana auona mzerewo pawindo, akondwera kwabasi. Akuti iyi ndiye nzeru, kuwapeza ophunzira kumene ali. Atumiza tebulo, mpando ndi chidindo pansi pa mango paja, kuti masana onse ndizigwirira ntchito pomwepo.

Anesi andipimanso. Mutu sanapukuse n'komwe, angondipatsa kabotolo.

Loweruka
Msonkhano wa antchito wophunzitsa kuchepetsa nkhawa za pantchito. Woyala mipando: ine. Wokagula zakumwa paboma pa Chongwe: ine. Mphunzitsi akuti titseke maso, tipume mozama, tiphunzire kukana. Ndili chitsekere choncho, mnzanga wa mu ofesi akundikodola ndi chigongono: "Mwasiya kuti makiyi ya holo?"

Kukana ndidzaphunzira chaka chamawa.

Lamlungu
Misa ku Kasisi. Popatsana mtendere, mayi wina wosamudziwa wandigwira dzanja osalitaya.

"Mtendere wa Ambuye, ba Madam. Mwana wanga akamba ati muli na mtima wabwino, mumadyesa bana. Mailo azabwela na mufana wake."

Ndayankha kuti abwere mawalo, iye ndi mng'ono wakeyo. Ndikanati chiyani, m'tchalitchi?

Ndafika kunyumba, ndamwa piritsi loyamba. Zandiwawa, ndalira pang'ono, kenako ndaphika mbatata zambiri. Zawo ndidzasiya patebulo la pansi pa mango. Zanga ndidyera pa desiki. Mu ofesi ndi motentha, inde, koma muli chitseko.